A Likugwedera ndi Matebulo Khumi ndi Awiri

Munthu aliyense akalowa m'nyumba ya eni ake amayamba ndi moni. Malemu a Likugwedera ankayamba ndi tebulo. Ankafika chipewa chili kumutu, n'kugwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri ngati akugwira nyanga za ng'ombe, kulikankha uku, kulikokera uko, khutu atatchera. Kenako ankapukusa mutu mwachisoni.

"Likugwedera."

Akatero m'pamene ankavula chipewa. "Mwaswera bwanji kuno?"

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Ana, akuluakulu, ngakhale abusa, onse ankangoti a Likugwedera, ndipo eni akewo ankayankha bwinobwino. M'thumba la jekete ankayenda ndi timakatoni topindapinda toika kunsi kwa miyendo ya matebulo: topyapyala, tapakatikati, ndi tina tonenepa tomwe ankati ndi ta matebulo osalapa.

Tsiku lina kuchipatala, dokotala ali mkati molemba mankhwala, iwo anagwira tebulo. Cholembera chinatsetsereka mpaka kumapeto kwa pepala.

"Bambo, mukutani kodi?"

"Adokotala, n'chifukwa chake zolemba zanu siziwerengeka. Ife timayesa ndi sukulu yambiri, kani ndi tebulo."

Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, nthawi yosaina itakwana, kwaya inabwereza nyimbo imodzi kanayi chifukwa bambo a mkwatibwi anali kunsi kwa tebulo, matako m'mwamba, suti yatsopano ikusesa fumbi. Atatuluka anadzisasa m'mawondo n'kuuza mkwati kuti, "Banja siliyambira pa tebulo lotsimphina. Sainani tsopano."

Musafulumire kuwaseka. Matendawa anawatengera kuntchito. Zaka makumi atatu anali mlonda wa nyama zakutchire, ndipo atapuma, ntchito inawatsatira kunyumba. Mfuti zina zimakhala ndi galasi pamwamba, kachitoliro kooneramo patali, m'kati mwake muli kamtanda. Pamene kamtandako kaloza m'pamene chipolopolo chiyenera kufika. Koma galasi ndi mfuti zili ngati banja. Zikangogundidwa pang'ono m'galimoto zimasiya kumvana: galasi likuti kumanzere, chipolopolo chikupita kumanja kukapha nkhuku ya eni ake. Woziyanjanitsa anali a Likugwedera.

Loweruka lililonse m'mawa, alonda anzawo ndi alimi amene nguluwe zinkawathera mbewu ankabwera ndi mfuti zawo, ziphaso m'thumba, kudzenje lalikulu la kuseri kwa tauni kumene kale ankaphwanyako miyala. Kumapeto kwa dzenjelo kunali chimulu cha dothi chomeza zipolopolo, ndipo patsogolo pake ankakhomapo pepala la chandamale. Iwo ankagoneka mfuti pa tebulo, kuwomba katatu, kuona pamene paboka, kenako n'kupotokola tizitsulo ta pagalasi, tche, tche, tche, mpaka kamtanda ndi chipolopolo zitagwirizana.

"Dzanja limanama," ankatero. "Diso limanama. Mwini mfuti ndiye wabodza wamkulu, aliyense amati sanaphonyepo. Ndiye pakhale chimodzi chosanama, pogoneka mfuti. Tebulo likasuntha pano ngati tsitsi limodzi, ukoko lasuntha chikhatho chathunthu."

Mlimi wina wachangu anabwera pa galimoto yake yonyamulira mbewu. "Akulu, bwanji tingotsamiritsa pa boneti pano? Chitsulo chenicheni ichi."

"M'galimotomo muli ndani?"

"Mayi a kunyumba okha."

"Akupuma?"

"Akupuma, ee."

"Ndiye ikugwedera. Kawauzeni asiye kupuma, apo ayi bwerani kuno."

Lamulo lawo linali loti cholimba pansi, chofewa pamwamba. Mfuti ukaigoneka pa thabwa kapena pa chitsulo imadumpha powomba, imafuna pilo ngati khanda. Ndiye ankakhala ndi matumba awiri a mchenga. Lalikulu linkakhala kutsogolo, kunsi kwa thabwa la mfuti, osati kunsi kwa mpope wotulukira chipolopolo, ukalakwitsa pamenepo unkamva mbiri ya makolo ako. Laling'ono linkakhala kumbuyo, kunsi kwa thako la mfuti, ndipo ankalifinya ndi dzanja lamanzere kuti kamtanda kakwere kapena katsike. Matumbawo anali miyendo ya mathalauza awo omwe, n'chifukwa chake m'nyumba mwawo munali makabudula ambiri kuposa a timu ya mpira. Mchenga ankausefa ndi sefa ya akazi awo n'kuuwumitsa m'chiwaya cha akazi awo omwewo, poti mchenga wonyowa umasanduka mwala m'thumba.

"Anzanga anakwatiwa ndi amuna okazinga nyama," ankadandaula mayiwo. "Ine wanga amakazinga mchenga, n'kumaulawa ndi chala."

Koma amene mawu amodzi aja oti "Likugwedera" ankamulasa kuposa wina aliyense anali mlamu wawo, kalipentala, mlongo wamng'ono wa akazi awo. Kalipentalayu si wamasewera. Zitseko za theka la tauni ndi zake, ndipo palibe chimene chimalira. Koma sowo yoyamba imene anagwira pa moyo wake anamugulira ndi a Likugwedera omwewo, nthawi imene sukulu inamukana iye n'kumangozungulira pamsika manja m'thumba. Anamupatsa sowoyo n'kunena kuti, "Alamu, mutu wakana. Tiyeni tifunse manja."

Manja anavomera. Kuyambira pamenepo, wina aliyense akamuyamikira ankangoti zikomo, koma mtima wake unkadikira pakamwa pamodzi pokha. Ankafuna kumva kamodzi, kamodzi kokha asanafe, a Likugwedera akunena kuti, "Ili ndiye tebulo."

Ndiye anayamba kuwakhomera matebulo a kudzenje kuja. Loyamba anakhoma la miyendo inayi, lopalidwa bwino, lopaka vanishi woti munthu n'kudziwonerapo nkhope.

"Alamu, kudzenje kuno si pabalaza. Miyendo inayi simvana. Itatu ikagwira pansi, wachinayi umakhala uli pa tchuthi."

Lachiwiri anakhoma la miyendo itatu.

"Alamu, mwandikhomera tebulo kapena mbuzi? Ndikangolikhudza likuthawa. Lapepuka."

Lachitatu linatalika. Lachinayi linali ndi misomali m'malo mwa mabawuti, ndipo misomali, malinga ndi a Likugwedera, imalonjeza lero n'kuiwala mawa. Lachisanu linali lolemera mwakuti amuna asanu ndi mmodzi analinyamula akuitana amayi awo. A Likugwedera analigwira, n'kugwedeza mutu ngati akuvomera, kalipentala mtima uli m'mwamba.

"Lolemera ndithu, alamu. Likugwedera molemera."

Matebulo okanidwa ankakathera kunyumba kwa achemwali ake a kalipentala. Lina ankasitirapo zovala, lina nkhuku zinkaikira kunsi kwake, awiri anaima pakhonde moyang'anizana ngati akudikira kuweruzidwa mlandu.

"Iwe," anatero achemwali lachisanu ndi chinayi litafika, "anthu akuyesa ndatsegula sukulu. Ukabweretsa lina ndikugoneka pomwepo."

Zaka zinapita, imvi zinamera, kalipentala anakwatira, anabereka, ana ake anakula, iye akukhomabe tebulo limodzi lomwelo m'maina osiyanasiyana. Pofika la khumi ndi chimodzi anati apa ndiye pathera nkhani. Anakumba yekha maenje atatu kudzenje kuja, anaimikamo miyendo, anathira simenti, anadikira sabata yathunthu. Analimenya theche kuti aliyese, n'kutsimphina masiku atatu. Anaikapo levulo yoonera ngati lapendekeka, kathovu kake kanakhala pakati penipeni ngati mwana womvera.

Loweruka a Likugwedera anafika, analigwira, analikankha, analikoka. Tebulo nji! Anakankhanso mpaka misempha ya m'khosi inatuluka. Nji! Kalipentala anayamba kale kukonza nkhope yolandirira chiyamikiro, ija yodzichepetsa. Akuluwo anakhala pansi, anayala matumba, anagoneka mfuti, diso m'galasi. Panapita nthawi.

"Mmm. Kamtanda kakuvina. Likugwedera."

"Alamu! Limeneli likagwedera ndiye kuti dziko lonse likugwedera!"

"Za dziko mukafunse mwini wake. Ine ndinakutumani tebulo."

Kalipentala anakakhala pa mwala, atagwira mutu. Analumbira mumtima kuti sadzakhomanso tebulo la munthu ameneyu, ngakhale atamugwadira. Ali pomwepo, a Likugwedera anasiya kapu yawo ya tiyi pa tebulo n'kupita kuseri kwa tchire kukataya madzi. Mlonda wina wamkazi, mwini mfuti imene inali pa matumbapo, anakhala pampando paja n'kusuzumira m'galasi.

"Koma bambo kalipentala," ananong'ona, "kamtandaka kangoti duu ngati mwakakhomera ndi msomali."

Kalipentala anayang'ana tiyi wa m'kapu. Anali phee ngati wagona. Kenako eni ake anabwera.

Apa tiyenera kunena za mimba, ndipo malemu atikhululukire. Chipumireni ntchito, mimba ya a Likugwedera inkakula chaka ndi chaka mosaphonya. Inkayamba kulowa m'nyumba iwo akadali pakhonde. Zidzukulu zinkabisala kunsi kwake mvula ikagwa. Anthu anaizolowera mpaka anasiya kuiona, monga mmene munthu amasiyira kuona phiri la kwawo.

Tsikulo kalipentala anaiona. Akuluwo atakhala, mimba inakwera m'mphepete mwa tebulo n'kukhazikika ngati mlendo amene sakuganiza zotsanzika. Kuti diso lifike pa galasi, ankatambasula khosi ngati fulu. Akakoka mpweya, tiyi wa m'kapu ankanjenjemera. Akatulutsa, ankanjenjemeranso. Miyendo inali nji m'simenti, koma thabwa la pamwamba linkamva kupuma kulikonse. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akulimbana ndi miyendo ya matebulo, pamene mdani anali m'malaya mwa mlamu wake!

Madzulo ake anapeza achemwali akusita pa tebulo lachitatu.

"Achemwali, ndachipeza chimene chimagwedeza matebulo."

"Mimba," anayankha osadzutsa n'komwe mutu.

"Mumadziwa?"

"Iwe, ine ndimagona nayo bedi limodzi. Ikatembenuka ndimadzuka ndili m'mphepete."

"Nanga zaka zonsezi osanena bwanji?"

"Ndinene kuti chiyani? Mimba imeneyo ndaimanga ndine ndi manja angawa. Munthu uja anabwera kwathu ali ngati ndodo ya tsache. Iwe unganyoze tebulo lako?"

"Ndiye ndikawauza ndekha."

Achemwali anaimika chitsulo chositira. "Ukayerekeze. Ulemu umene wawatsalira bambo aja ndi diso ndi dzanja. Ukawauza kuti cholakwa chili pa thupi lawo, Loweruka likubwerali sapitanso kudzenje. Azingokhala pano tsiku lonse kumandigwedezera matebulo khumi. Usawauze iwo. Ngati ndiwedi mmisiri, uza tebulo."

Kalipentala anayenda ndi mawu amenewo masiku atatu. Tsiku lachinayi akudya buledi anayang'ana pamene waluma, n'kusiya kutafuna. Eya! Tebulo lolumidwa. Adule m'mphepete ngati mwezi wongotuluka kumene, mphako yoti mimba izilowamo osakhudza thabwa, mwini wake n'kufika pa galasi khosi lili m'malo mwake, zigongono zili pa tebulo mbali zonse ziwiri. Chinatsala n'chimodzi: muyeso.

Anapita kwa telala wa a Likugwedera.

"Ine ndili ngati dokotala," anatero telala, "za m'chiuno mwa anthu sindiulula. Komanso, kunena zoona, ine ndimayeza kunsi kwake, kumene thalauza limathawira. Pamwambapo sindinafikepo. Tepi yanga ndi yaifupi."

Ndiye Lamulungu masana, a Likugwedera atagona pampando wandalema pakhonde, pakamwa pali yasa, anthu awiri a imvi, mlongo ndi mlongo wake, ananyang'ama ngati ana okaba shuga. Kalipentala anatenga waya wofewa n'kuyamba kumupinda motsatira mimba, achemwali atagwira mbali inayo, akudziluma milomo kuti asaseke. Waya atangofika pa mchombo, diso limodzi linatseguka. Linali diso lija loyang'anira m'galasi.

"Alamu. Mwayamba kundiyeza bokosi ndikadali moyo?"

"Ayi, alamu. Ndi... ndi lamba."

"Kalipentala wa malamba. Dziko latha." Diso linatsekeka. "Ngati ndi bokosi, lisagwedere."

Achemwali anathawira kukhitchini, ndipo kuseka kwawo kunamveka mpaka kumsewu.

Waya uja kalipentala anamupachika m'shedi mwake pamwamba pa zida zonse. Anafunafuna matabwa mpaka anapeza a mtengo wolimba, ochindikala ngati chikhatho choimika, koma anali aawisi. Thabwa laliwisi limapindika likamauma, ndipo iye sanafune kupereka mpata wa tsitsi limodzi. Anawayala mumthunzi, timitengo pakatipakati, n'kumawatembenuza sabata iliyonse. Anati adikira miyezi isanu ndi umodzi. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma ndani akanamuuza?

M'miyezi imeneyo a Likugwedera anayamba kusiya chakudya m'mbale. Poyamba akazi awo anayesa mwano. Kenako kunabwera ulendo wa kuchipatala, wina, winanso, mpaka kugonekedwa. M'wodi ankatambasula dzanja n'kugwira kakabati ka pambali pa bedi, ndipo anamwino ankayankhiratu onse pamodzi asanatsegule pakamwa: "Tikudziwa, agogo!" Ankatuluka, ankabwereranso. Loweruka kudzenje kunayamba kudumphadumpha.

Tsiku lina achemwali anafika kushedi ndi lamba wa amuna awo. "Undiboolere mabowo ena atatu."

Kalipentala anatenga msomali ndi hamala. Anaboola. Palibe anaseka za kalipentala wa malamba.

Tebulo la khumi ndi chiwiri linatha mvula itangosiya. Miyendo itatu yonenepa, yotagada, yomangidwa ndi mabawuti, pamwamba posalala koma posaterera, ndi mphako ija, yodulidwa motsatira waya mosaphonya. Kalipentala anaima n'kumaiyang'ana. Inali mimba ya mlamu wake yeniyeni, yonse, monga inalili Lamulungu lija. Koma mwini wake tsopano malaya ankangolendewera pa iye ngati pa chingwe. Kumutengera tebulo limeneli kunali ngati kumuonetsa chithunzi cha zimene matenda adya. Anatenga chidutswa chimene anadula chija n'kuyamba kuchiyeza kuti achibwezere ndi guluu.

Achemwali anamupeza ali ndi chidutswacho m'manja.

"Usatseke."

"Achemwali, akaona adziwa mmene athera."

"Ukuyesa sadziwa? Thalauza amavala okha m'mawa uliwonse. Ndipo andituma. Akuti tebulo lawo lili kuti, kapena mtengo wake sunamere?"

Loweruka limenelo mlimi wa boneti uja ndiye anabwera ndi galimoto. Tebulo kumbuyo, a Likugwedera kutsogolo atafunda jekete ngakhale dzuwa linali litakwera. Mlonda wamkazi uja anabweretsa mfuti yake, imene galasi lake linali litasokonekeranso. Mpando kalipentala anangotola wakale wa m'shedi, poti nzeru zake zonse zinathera pa tebulo.

Anawatsitsa mowagwira m'khwapa. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa tebulo, analizungulira kamodzi, n'kuima pa mphako paja. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaisisita ndi chala kuyambira uku mpaka uko.

"Alamu, pano palumidwa ndi chiyani?"

"Ndi poika chipewa, alamu."

"Chipewa." Anakhala pampando n'kudzikokera m'mphakomo. Mbali zonse kunatsala malo oti n'kukhalamo mwana. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, anayang'ana malaya awo. "Mwini chipewa chimenechi anali munthu wamkulu ndithu."

"Anali wamkulu," anatero kalipentala. "Koma wovuta."

"Lamba munkandiyeza uja ndi ameneyu?"

"Ndi ameneyu."

A Likugwedera anaseka, kuseka kopanda mawu kogwedeza mapewa okha, mpaka anatsokomola. Akazi awo anatembenuka n'kumayang'ana chimulu cha dothi ngati pali china chatsopano.

Kenako anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Anakankha. Anakoka. Mphamvu zawo zinali zoti sizikanasuntha ngakhale mbale, koma anachita zonse mwa dongosolo lake, khutu atatchera. Analisiya. Anayala thumba lalikulu kutsogolo, analimenya pakati ndi chikhatho kuti pakhale pogona mfuti, anaika laling'ono kumbuyo. Zigongono zinakhala pa thabwa mbali zonse ziwiri, msana unawongoka, diso linafika pa galasi lokha popanda kulisaka.

Pha!

Anadikira mpope uzizire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa kudekha panalibe wowaposa. Anawombanso kawiri, anasuzumira, anapotokola tizitsulo: tche, tche, tche kumanzere, tche m'mwamba. Anapuma kaye, mutu uli pa mkono. Akazi awo anafuna kuyandikira, iwo anakweza chala kuwaletsa.

"Pepala latsopano."

Mlonda anachotsa zipolopolo, anakakhoma pepala, anabwerera. Pha! Chete. Pha! Chete wautali. Pha!

Mlonda anabwera ndi pepala akuthamanga. Mabowo atatu anali pakati penipeni, ogundana, oti chala chachikulu chinawaphimba onse. Mlimi anaimba mluzu. A Likugwedera analandira pepalalo, analiyang'ana padzuwa, analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la pamtima.

Kalipentala anaima chilili, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Mphindi imeneyi anaidikira zaka makumi awiri.

"Alamu," anaitana a Likugwedera.

"Ee, alamu."

A Likugwedera anadzisuntha pang'ono uku ndi uku, nkhope itakwinyika.

"Mpandowu ukugwedera."

Kalipentala analumpha. "Alamu! Zaka makumi awiri! Matebulo khumi ndi awiri! Ndipo inu mukuti..."

Achemwali anamutsina pamkono, kutsina kwa kale kuja kwa ali ana. "Tamvetsera, chitsiru iwe," ananong'ona. "Ati chiyani?"

Kalipentala anatseka pakamwa. Mpando. Ati mpando. Anayang'ana tebulo. Dzanja la a Likugwedera linali pamwamba pake, lotambasuka, likungolisisita pang'onopang'ono monga munthu amasisitira ng'ombe imene sadzaigulitsa. Timakatoni tinali m'thumba, palibe kamene kanatuluka.

"Mwandimva, alamu? Mpando. Loweruka likubwerali ndipeze wina."

"Ndamva, alamu."

"Wa miyendo itatu."

"Ndamva."

"Nanga mukulira chiyani?"

"Ndi utuchi, alamu."

"Kudzenje la miyala kuli utuchi? Bodza lanu nalonso likugwedera."

Loweruka lotsatira sanathe kudzuka. Linalo chimodzimodzi. Lachitatu la sabata yachitatu, m'mawa dzuwa litangolowa pawindo, anapita mwakachetechete, dzanja lili m'manja mwa akazi awo.

Kudzenje anthu amapitabe. Tebulo lili pomwepo, analimangira kadenga ka malata. Mlonda wamkazi uja ndiye amayanjanitsa magalasi tsopano, ndipo amatha ndithu. Munthu amafika, amagoneka mfuti, pha, pha, pha, tche, tche, ndipo theka la ola lisanathe ali m'galimoto kubwerera. Palibe amene amatukwanidwa, palibe amene amauzidwa kuti mkazi wake asiye kupuma. Anthu amachoka mfuti zili bwino koma nkhope zili ngati aiwala chinachake. Alendo amafunsa kuti mphako yaikulu chonchi ndi ya chiyani, ndipo oyankha amayamba ndi kuseka, n'kumalizira kuyang'ana pansi.

M'tauni matebulo apuma. Kuchipatala, kutchalitchi, m'nyumba za anthu, akutsimphina mwaufulu. Kushedi kwa kalipentala makasitomala amafika, amayang'ana katundu ndi maso okha, amati, "Zili bwino kwambiri, bambo," n'kunyamula. Iye amawaperekeza ndi maso mpaka pamsewu, ndipo nthawi zina amang'ung'udza yekha kuti anthu a masiku ano sadziwa kulemekeza mmisiri.

Mpando uja anaupala, miyendo itatu ndi pokhalira pake, koma sanaulumikize. Zidutswazo zili pa shelefu, zomangidwa ndi chingwe. Ambiri afunsa kuti awamalizire augule. Iye amati mwini wake sanauone.

Anzake akakhala pakhomo pa shedi madzulo sachedwa kumuyamba.

"Akalipentala, tiuzeni zoona. Zaka makumi awiri zija, malemu anavomerapo tebulo lanu ngakhale limodzi?"

"Anavomera."

"Aaa, bodza! Anati chiyani?"

Iye amaika hamala pansi, amawongola msana, n'kunena monyada ngati munthu amene akuwerenga satifiketi yake pagulu:

"Anati mpando ukugwedera."